Msewu ukamadutsa pamene panali thanki ya mafuta pansi: zoyenera kuchita musanasaine

Funso ili landifikira kambirimbiri, nthawi zina kuchokera kwa anzathu a ku khonsolo, nthawi zina kwa kapitawo wa kontrakitala, nthawi zinanso kwa mwini malo amene wauzidwa kuti msewu udya mbali ya puloti yake: “Katapila wagunda thanki ya mafuta pansi, dothi likununkha dizilo. Alipire ndani?” Yankho lake silikwana pa foni, choncho ndalilemba pano kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera.

Funsoli likamabwera katapila atagunda kale thanki, ndiye kuti lachedwa. Zimene zili pansi pa nthaka muyenera kuzidziwa malo asanasinthe manja, chipukutamisozi chisanawerengedwe, wina aliyense asanasaine. Mukayamba kusaina n’kudzapeza thanki pambuyo, mwatenga malo pamodzi ndi mlandu wake, ndipo kuyeretsa dothi ndi madzi zimene zaipitsidwa ndi mafuta kumatha kudya ndalama zoposa mtengo wa malowo. Malangizowa ndalembera makamaka inu amene mukutenga malo m’dzina la boma, kaya ndinu a RDA (bungwe la boma loyang’anira misewu kuno ku Zambia), a khonsolo, kapena alangizi olembedwa ntchito yokonzekera msewu. Eni malo, werengani gawo 6 mosamala, likukukhudzani.

1. Dziwani kumene mathanki amabisala

Filling station imamangidwa m’mphepete mwenimweni mwa msewu, ndipo mathanki ndi mapaipi ake kawirikawiri amakhala kutsogolo, pakati pa nyumba ndi tara. Msewu ukamakulitsidwa, mbali imene imadyedwa ndi yomweyo. Imene ikugulitsa mafuta lero simungaiphonye. Ovuta ndi malo amene anasiya kugulitsa kalekale, ndipo pano pali sitolo ya simenti, bala, kapena tchalitchi.

Chipata ndi tauni yakale, kuyambira nthawi imene inkatchedwa Fort Jameson, ndipo mapuloti ambiri asintha ntchito kangapo. Mukamayenda mumzere wa msewu, kaya ndi Great East Road kuchokera ku Nyimba kudzera ku Sinda ndi Katete mpaka ku Mwami, kaya wa ku Lundazi, wa ku Chadiza, kapena wa Katete kupita ku Chanida, lembani malo alionse amene kale panali garaja, depoti ya mabasi kapena malole, depoti ya koparetivu, fakitale ya thonje, famu ya fodya ya nthawi ya atsamunda, ngakhalenso mishoni imene inkadalira jenereta wamkulu magetsi asanafike. Malo otere ankasunga dizilo wawowawo, ena pamwamba, ena pansi.

Mathanki akale ambiri anali a chitsulo chamba, cha khoma limodzi. M’dothi lonyowa chitsulo chotere chimachita dzimbiri mpaka kubooka. Ku America anakhazikitsa malamulo a mathanki a pansi mu 1988, napereka mpaka 1998 kuti akale akonzedwe kapena atsekedwe, ndipo malo amene anatsimikiza kuti mafuta anatayikira m’nthaka aposa 500,000. Chitsulo chimene chinakwiriridwa kwathu kuno sichisiyana ndi chawocho.

2. Fufuzani m’mapepala

Ku Unduna wa Zamalo chitani search ya taitolo, muone amene akhala ndi malowo mmodzi ndi mmodzi kuchokera pachiyambi. Ku Chipata City Council, kapena khonsolo ya boma limene mukugwirako, pemphani faelo ya puloti, chifukwa mapulani akale a nyumba nthawi zina amaonetsa pamene panali thanki. A ERB, bungwe loyang’anira za mafuta ndi magetsi, ndiwo amapereka laisensi kwa ogulitsa mafuta, a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, ndiwo amavomereza kuti filling station imangidwe, ndipo ku PACRA, kumene makampani amalembetsa, mudziwa ngati kampani imene inkagulitsa mafutayo ikadalipo kapena inatha. Za PACRA musazilumphe, mudzazifuna pa gawo 6.

Ambiri akapeza kuti m’mafaelo mulibe kanthu amalemba kuti malo ndi oyera. Uku n’kulakwitsa. ERB inabwera ndi lamulo la mu 1995, ndipo thanki imene mlimi anakwirira pafamu yake m’ma 1970 musayembekeze kuipeza m’buku lililonse.

3. Funsani akuluakulu, kenako yendani pansi

Safunsa anadya phula. Pa malo a mfumu, kumene kulibe taitolo, yambirani kwa a nyakwawa, mufotokoze mwaulemu chimene mwadzera, muwapemphe akulozereni akuluakulu amene anakulira pamalopo. M’tauni funani mlonda wakale, makaniko wachikulire, kapena munthu amene ankathira mafuta pa pampu. Musafunse kuti “Pano pali thanki?” chifukwa munthu amene akuyembekeza chipukutamisozi aopa kuti yankho lake limudulitsa ndalama. Funsani kuti, “Agogo, malole a pano ankamwera kuti mafuta? Nanga tankala ikabwera inkaima pati?” Amayi otunga madzi afunseni ngati pali chitsime chimene anasiya kumwapo, ndi chifukwa chake.

Mukatero tsikani m’galimoto muyende pang’onopang’ono. Yang’anani paipi yopyapyala, yaitali, yoimirira yokha pakhoma kapena kumpanda, yopindika kumutu kapena yovala kachipewa. Imeneyo ndi yopumira thanki. Yang’anani zivundikiro zachitsulo zozungulira, zina zitakwiririka ndi dothi. Yang’anani kasimenti kokwera pang’ono kokhala ndi mabauti odulidwa, pamene pankaima pampu, kapena chigamba cha simenti chamakona anayi chosiyana mtundu ndi inzake. Pamene udzu sumera ngakhale mu February ikanipo chizindikiro.

M’ngalande ndi m’dambo nthawi zina mudzaona kamtundu ka utawaleza pamwamba pa madzi. Sikonse kamene kali ka mafuta, madzi a m’dambo okhala ndi chitsulo chambiri amapanganso zotero. Tengani kamtengo mukakhudze. Kachilengedwe kamasweka m’tizidutswa tamakona ndipo sitilumikizananso, pomwe ka mafuta kamazungulirazungulira n’kubwereranso pamodzi.

4. Pezani thanki popanda kugwiritsa ntchito katapila

Mukakayikira malo, lembani katswiri wokhala ndi makina ofufuzira zitsulo pansi kapena radar. Makina a maginito amaona thanki yachitsulo mosavuta, koma ya fibreglass saiona, ndipo amasokonezeka pafupi ndi mpanda wa malata kapena simenti ya mawaya. Akasonyeza pamene pali chinthu, kumbani ndi makasu ndi mafosholo mpaka muone msana wa thanki. Dzino la katapila likaboola thanki imene munatsala mafuta, amene waipitsa nthaka tsiku limenelo ndinu.

Apa ndikuchondererani. Thanki imene mukuti ndi yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza. Chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo, ndipo ukangofika magawo 2 pa magawo 100 alionse a mpweya wa m’thankimo, kamoto kakang’ono n’kokwanira. Mpweyawu ndi wolemera kuposa umene timapuma, umatsalira pansi m’dzenje, ndipo thanki yotsekedwa imausunga zaka zambiri. Pasakhale wosuta fodya pafupi, musalowetse munthu mkati, ndipo musalole wowotcherera kapena wogula zitsulo zakutha kufika ndi galayinda. Mbiri ikangomveka kuti pafukulidwa thanki amabwera msanga, choncho ikani mlonda usiku.

5. Tengani masampulo a dothi ndi madzi

Mafuta akatuluka m’thanki amatsika m’dothi mpaka atapeza madzi a pansi, kenako amayandama pamwamba pake ngati mafuta pa msuzi wa nkhuku, n’kumatsetsereka limodzi ndi madziwo kulowera kumunsi. Chipata ili m’chigwa, mapiri atazungulira, ndipo madzi a pansi kawirikawiri amalowera kumene kuli madambo ndi mitsinje monga Lunkhwakwa, komwenso kuli zitsime zosazama ndi madimba a anthu. M’dzinja madziwa amakwera, m’chilimwe amatsika, ndipo mafuta amapakika m’dothi lonse la pakatipo. N’chifukwa chake dzenje limene linali louma ndi losanunkha mu October limatha kudzaza madzi onunkha dizilo mu February. Mukayesa m’chilimwe chokha, kumbani mozama mpaka mufike pamadzi.

Dothi tengani pansi pa thanki kumapeto onse awiri, m’mbali mwa mapaipi makamaka polumikizira, pansi pa mapampu, ndi pothirira pamene tankala inkatsitsira. Ambiri amangotenga pafupi ndi thanki, chonsecho mapaipi ndi pothirira ndi pamene kawirikawiri pamatayika mafuta. Onjezani mzere wa masampulo m’malire enieni pamene msewu ukuthera ndi puloti ya mwini ikuyambira. Pa madzi, boolani timijigo tofufuzira tosachepera titatu, kamodzi kumtunda, tiwiri kumunsi, chifukwa kamodzi kapena tiwiri sitingakuuzeni kumene madzi akulowera.

Labu muiuze kuti iyese TPH, ndiko kuti kuchuluka kwa mafuta onse m’dothi kapena m’madzi. Iyesenso BTEX, gulu la mankhwala anayi a m’petulo limene loopsa kwambiri mwa iwo ndi benzene, komanso mtovu ngati malowo ndi akale, chifukwa petulo wa nthawi imeneyo ankathiridwa mtovu. Benzene amayambitsa khansa ya m’magazi. Bungwe la WHO limati m’madzi akumwa asapitirire mamaikirogalamu 10 pa lita, kutanthauza kuti supuni imodzi yaing’ono ya tiyi ya benzene ndi yokwanira kufikitsa malita oposa 400,000 pamalire amenewo. Mphuno yanu singakhale labu.

Masampulo aikidwe m’mabotolo a galasi ochokera ku labu, odzaza mpaka pakamwa, m’kula bokosi ya ayezi, ndipo anyamuke tsiku lomwelo. Lusaka ili pamtunda wa makilomita oposa 500, ndipo benzene amathawa m’botolo lotentha kapena losatsekedwa bwino. Zikatero zotsatira zimabwera zoyera pomwe malo ndi akuda. Potenga masampulo mwini malo kapena womuimira akhalepo, asaine pepala losonyeza pamene atengedwa, kuya kwake ndi tsiku. Siginecha imeneyo imathetsa mikangano yambiri isanayambe.

6. Gwirizanani za wolipira, ndipo mulembe

Ili ndiye gawo limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi lomwe limaimitsa misewu.

Lamulo la Environmental Management Act la mu 2011 lili ndi mfundo yakuti woipitsa ndiye alipire. Limapatsanso a ZEMA mphamvu yolamula munthu kuti aleke kuipitsa, akonze malo amene awonongeka, kapena abweze ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito poyeretsa. Papepala n’zomveka. Koma kuti zitheke, woipitsayo mumupeze, akhale wamoyo kapena kampani yake ikhalepo, akhale ndi ndalama, ndiponso mukhale ndi umboni woti mafuta anatayika iye ali pamalopo. Chimodzi mwa izi chikasowa, maso onse amatembenukira kwa amene ali ndi malo m’manja lero. Mukasaina, ameneyo ndinu. Lipoti la gawo 5 ndilo likuonetsa mmene nthaka inalili musanaitenge, ndipo popanda ilo simungatsutse munthu amene akuti kontrakitala wanu ndiye anataya dizilo.

Mbali ina ndi chipukutamisozi. Ndime 16 ya malamulo aakulu a dziko imateteza munthu kuti asalandidwe katundu popanda kulipidwa mokwanira, ndipo Lands Acquisition Act, Chaputala 189, imawerengera mtengo umene malowo akanagulidwa pamsika. Malo oipitsidwa sangagulidwe mtengo wofanana ndi oyera, choncho valuer, amene amawerengera mtengo wa malo, alandire lipoti asanawerengere. Koma asadule mwakachetechete. Papepala paoneke mizere iwiri: mtengo wa malo atakhala oyera, ndi mtengo woyeretsa, ndi dzina la katswiri amene wauwerengera. Mwini malo ali ndi ufulu woona zonse ziwiri ndi kufunsa katswiri wake.

Kuchokera apa nkhani imagawika patatu.

Poyamba, woipitsa alipo ndipo akugulitsabe mafuta. Dziwani kuti pa filling station imodzi pamatha kukhala eni atatu: mwini puloti, amene akuyendetsa bizinesi, ndi kampani ya mafuta imene nthawi zina ndiyo mwini wa mathanki ndi mapampu. Mukagwirizana ndi mmodzi yekha, awiri enawo adzati sizikuwakhudza. Aitaneni onse patebulo limodzi, pamaso pa loya. Mgwirizano utchule wochotsa thanki, tsiku lomaliza, ndi muyeso wa kuyera m’manambala a labu amene a ZEMA avomereza. Mawu akuti “malo ayeretsedwa mokwanira” satanthauza kanthu tsiku la mkangano. Mugwirizanenso kuti gawo la chipukutamisozi lisungidwe mpaka zotsatira zomaliza zitatuluka, ndipo mulembe amene adzalipire ngati mafuta ena apezeka ntchito ili mkati.

Pachiwiri, ndipo apa ndi povuta kwambiri, msewu ukungodya kachigawo ka kutsogolo, thanki ikutsala m’puloti ya mwini. Anthu amapumira m’mwamba, amati thanki si yathu. Koma mafuta sadziwa bikoni ya malire. Ngati thanki kapena paipi ikudonthabe, muyeretsa kachigawo kanu lero, dzinja likubwerali kadanso. Choipa kwambiri n’chakuti ntchito yanu yomwe imawatsegulira njira. Ngalande yakuya, miyala imene mumayala pansi pa kalavati, ndi mchenga wozungulira paipi ya madzi zimadutsitsa mafuta mosavuta kuposa dothi la katondo, ndipo pampu imene ikuchotsa madzi m’dzenje lanu imawakokera kwa inu. Mayi wa kumunsi akadzaona dizilo m’dimba lake adzaona akutuluka m’ngalande ya msewu, ndipo adzabwera kwa inu, osati kwa mwini thanki. Choncho mgwirizano ukupatseni ufulu wolowa m’puloti yotsalayo kukayesa. Thanki ndi mapaipi ziyesedwe ngati sizikudontha, ndipo zodontha zikonzedwe kapena zitsekedwe musanakumbe. Mainjiniya auzidwe msanga kuti pamalo pamenepo ngalande ikhale ya simenti, yosazama ngati n’kotheka, ndipo m’mizere ya mapaipi aikemo zotchinga za dongo kapena simenti.

Eni malo, inunso yang’anani mbali yanu. Ngati msewu ukutenga pamene pali mathanki kapena polowera magalimoto moti bizinesi singayendenso pa kachigawo kotsala, nenani zimenezo polemba valuer asanatseke faelo. Ndipo ngati mukudziwa kuti pansi pali thanki, iululeni nokha. Kubisa kumangokuchotserani mphamvu yokambirana ikadzapezeka.

Pachitatu, woipitsa kulibe. Kampani inatha kalekale, kapena bambo amene ankagulitsa mafuta anamwalira, puloti ili ndi mayi wamasiye amene akuchititsa lendi timashopu titatu ndipo sanathirepo lita imodzi ya petulo. Maganizo anga ndi akuti si chilungamo kumudula chipukutamisozi mpaka kutsala chimanjamanja chifukwa cha thanki imene sanaikwirire. Msewu ndi wa anthu onse, ndipo ndi msewuwo umene ukufukula dothilo. Mtengo woyeretsa ulowe m’bajeti ya msewu. Malowo alembedwe m’lipoti la zachilengedwe limene limapita ku ZEMA msewu usanavomerezedwe, ndipo m’kontrakiti muikidwe ndalama yapadera ya ntchito imeneyi. Pa misewu ya ndalama za kunja, monga mmene European Union, European Investment Bank ndi African Development Bank anathandizira kukonza Great East Road kuchokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami, obwereketsa amawerenga malipoti amenewa mwachidwi, ndipo ndi bwino aone vutoli m’lipoti kusiyana n’kulimva ntchito itaima. Makina a kontrakitala akaima kudikira kuti mugwirizane, tsiku lililonse amalilipiritsa.

Musaiwalenso kufunsa mainjiniya ngati mzere wa msewu ungasunthe mamita ochepa. Mapulani akadali papepala zimatheka. Zikhomo zikakhomedwa ndipo anthu ena alandira kale ndalama, n’zovuta.

7. Chotsani thanki mwadongosolo

Dziwitsani a ZEMA ndi a ERB polemba musanayambe. Matope a pansi pa thanki, madzi osakanikirana ndi mafuta ndi dothi loipitsidwa ndi zinyalala zoopsa, ndipo malinga ndi malamulo a laisensi a mu 2013 wozinyamula ayenera kukhala ndi laisensi ya ZEMA. Pemphani muione ndi maso anu. Akatswiri apope zotsala, achotse mpweya, auyese ndi makina, kenako anyamule thanki yathunthu pamodzi ndi mapaipi onse. Jambulani zibowo za dzimbiri thanki ikangotuluka, ndi umboni. Ngati ili pansi pa nyumba moti singachoke, itsukidwe n’kudzazidwa mchenga kapena simenti yamadzi, ndipo ilembedwe pa mapu a msewu. Thanki yopopedwa musaisiye m’dzenje mvula ili pafupi, madzi akakwera imayandama n’kuthyola mapaipi.

Dothi lonunkha liunjikidwe pa pulasitiki yolimba, livundikiridwe, likhale kutali ndi ngalande. Lisagwiritsidwe ntchito yokwirira msewu, lisatayidwe m’dzenje lokumbamo gelevulo, ndipo musapatse anthu amene adzabwera ndi ngolo kudzapempha loumbira njerwa kapena lothira pakhomo. Musanakwirire dzenje tengani masampulo pansi ndi m’makoma ake onse anayi, mudikire zotsatira.

8. Ngati katapila wagunda kale

Zimitsani makina, chotsani anthu, tchingani malowo, ndipo tsekani njira yoti mafuta asafike m’ngalande pogwiritsa ntchito milu ya dothi kapena matumba a mchenga. Imbirani ozimitsa moto a khonsolo ngati fungo la petulo ndi lamphamvu. Dziwitsani a ZEMA tsiku lomwelo, jambulani zonse, lembani m’buku la pantchito ola ndi amene analipo. Musakwirire kuti zisaoneke. Kutero kumasandutsa mlandu wa munthu wina kukhala wanu. Kenako bwererani pa gawo 5 ndi 6.

Tsiku lomwelonso pitani khomo ndi khomo kwa anthu a kumunsi amene amamwa madzi a chitsime kapena mjigo, pamodzi ndi a zaumoyo a khonsolo. Auzeni zoona, ndipo muwauze kuti klorini sachotsa benzene, ndiponso kuti kuwiritsa madziwo m’nyumba kumangomutulutsira mumpweya umene akupuma. Apezereni madzi ena, a bauza kapena a pampopi ya kampani ya madzi ya Eastern Water, mpaka zitsime zawo zitayesedwa. Timijigo tofufuzira tija musatikwirire msewu ukatha. Yesani madzi ake kumapeto kwa dzinja mu March ndi kumapeto kwa chilimwe mu October, ndipo zotsatira zake perekani kope kwa a ZEMA, kope ku khonsolo, kope lina kwa a nyakwawa kapena khansala wa wadiyo, m’chinenero chimene eni zitsime angamve.